Ndawayesa a Francis pa sikelo ya mahatchi

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 34, ndikuchita maphunziro a ziwerengero pa yunivesite kuno ku Perth. Mliri wa kolona utafika, malo odyera amene ndinkagwirako ganyu anatsekedwa. Amene anandiombola ndi Mayi Natalie, mzungu woweta mahatchi a mpikisano. Ankafuna munthu wa masamu woti aziwauza kuti mahatchi awo aakazi awatumize kwa mphongo iti. Ine wa ku Ntcheu, amene ndinakula ndikudziwa bulu yekha, ndinavomera chifukwa cha njala basi.

Koma zimene ndaona kumeneko zandisiya kukamwa kuli yasa. Hatchi yamphongo saitama chifukwa cha liwiro lake ayi, amaiweruza ndi ana ake. Imodzi yokha imatha kubereka ana ambirimbiri pachaka, ndipo anawo siiwadziwa n'komwe, chimene imawapatsa ndi magazi okha. Ife timawerenga kuti mwa ana onsewo ndi angati anafika pothamanga, angati anapambana, ndipo pa mtunda wautali bwanji. Sitithera pomwepo. Mphongo yotchuka amaipatsa zazikazi zabwino zokhazokha, choncho timatenga yaikazi iliyonse n'kufananiza ana amene inabereka ndi mphongo imeneyi ndi amene inabereka ndi mphongo zina. Apa m'pamene zoona zake zimatulukira.

Pali mphongo ina yofiirira, yokongola ngati yochita kujambula, imene masiku ake inkasiya zinzake kutali. Ana ake ndi aulesi okhaokha. Palinso ina imene ndinaitcha Tsimphina, inavulala mwendo isanapambane chilichonse chodziwika. Pa kompyuta yanga, pafupifupi yaikazi iliyonse imene inakumana ndi Tsimphina inabereka mwana woposa ana ake ena. Mayi Natalie anakayika, komabe ananditenga kukaonera mwana wamkazi wa Tsimphina akuthamanga. Oonerera anali ochepa chifukwa cha malamulo a mliri, moti ziboda zinkamveka ngati mvula yoyamba padenga la malata. Mwanayo anachokera kumbuyo, khutu limodzi atalipinda ndendende mmene atate ake amachitira, n'kuzipitirira zinzake zonse. Ndinalira, Aphungu. Manambala ouma aja anali atasanduka nyama yamoyo, ikupumira m'mwamba patsogolo panga.

Vuto langa nali. Ndili pa ubwenzi ndi a Francis, bambo wa kwathu wokhala ku Rockingham, kufupi ndi kuno, amene amasamalira okalamba. Akazi awo anamwalira mliri utatsala pang'ono kuyamba, n'kuwasiyira ana awiri. Janeth, wamkuluyo, akuphunzira unamwino ndipo ndi mwana waulemu. Melvin, wa zaka 16, sukulu amangojomba, amadzitsekera kuchipinda, ukamulonjera m'Chichewa amakuponyera liwu limodzi la Chingerezi osakuyang'ana.

Mwezi watha a Francis anandiuza kuti, "Akuti maboda atsegula mu Malichi. Ndikufuna amalume anga akumudzi akaonekere kwanu, ife tidzangopitira chinkhoswe." Pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Tiyeni tidikire kaye tione mmene Melvin akhozere mayeso." Anandifunsa kuti mayeso a Melvin akugwirizana bwanji ndi chinkhoswe, ndipo ine, mutu utadzaza mahatchi, ndinawafotokozera zonse, za Tsimphina ndi za yofiirira ija. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Ndiye kuti yofiirirayo ndine." Chiyambire tsikulo amangoyankha mauthenga anga mwaulemu, ngati akulembera abwana a kuntchito.

Ndimawakonda, ndipo usiwa wawo sundiopsa. Koma nanenso ndikufuna kudzabereka, ndipo zimene ndinaona ndi maso anga sindingazitche bodza. Kodi ndalakwa kuyang'ana ana kuti ndidziwe bambo?

A.C., Crawley

Achemwali a A.C.,

Kalata yanu yandigwira mtima, makamaka pa Tsimphina. Sindinkadziwa kuti liwiro lingabisale m'nyama yotsimphina n'kudzatulukira mwa mwana, limodzi ndi kapindidwe ka khutu. N'zozizwitsa ndithu, ndipo ntchito yanuyo musachite nayo manyazi.

Koma kwa a Francis mwalakwa, ndipo mwalakwa ngakhale pa masamu anu omwewo. Mukanati muwauze Mayi Natalie kuti mphongo iyi njachabechabe chifukwa mwa ana ake awiri mmodzi akuchedwa kuyamba kuthamanga, ntchito ikanakutherani tsiku lomwelo. Ana awiri si ziwerengero, ndi Janeth ndi Melvin.

Mwanenanso nokha kuti mphongo siiwadziwa ana ake. N'chifukwa chake mumaifufuza m'manambala, poti palibe china choti muyang'ane. A Francis ndiye mungathe kuwaona ndi maso. Amamuphikira Melvin ndani? Amagogoda pachitseko chotseka chija ndani, akaweruka kosambitsa nkhalamba za eni ake? Mwanayo anataya mayi ake, malire n'kutsekedwa, popanda azakhali kapena amalume obwera kudzamugwira paphewa. Zimene mukuonazo si magazi oipa. Ndi maliro amene sanaliridwe mokwanira.

Tsono kwerani sitima mupite ku Rockingham, nkhaniyi si ya pafoni. Mukapepese popanda kuikapo "koma". Mukatero muwafunse funso limene munayenera kufunsa tsiku lija, lakuti Melvin akusowa chiyani. Ngati sanaonanepo ndi mlangizi wa kusukulu kapena dokotala, alimbikitseni a Francis amuperekeze. Mayi Natalie akalola, ndipo Melvin akafuna, mumutenge tsiku lina akaone mahatchi. Hatchi siidikira kuti uilonjere m'Chichewa, ndipo mwina pamenepo inu awiri mudzapeza poyambira. Za kubereka kambiranani poyera ndi a Francis, musazibise kuseri kwa mayeso a mwana.

Palinso funso loti mudzifunse panokha musanakwere sitimayo. Melvin atalephera mayeso, chaka chino ndi chamawa, mungathe kukhala naye nyumba imodzi n'kumamukonda? Ngati yankho ndi ayi, auzeni a Francis mwachilungamo asanawavutitse amalume ulendo wa ku Ntcheu. Ngati ndi inde, palibe chodikira, ndipo amuna amene apsa mtima mwaulemu chonchi sakhala pakhomo mpaka kalekale.

Chenjezo langa ndi limodzi. Melvin asadzamve, kwa inu kapena kwa wina aliyense, kuti chinkhoswe cha bambo ake chinaima chifukwa cha mayeso ake. Katundu amene wasenza kale ngwokwanira.

Ndipo mukakhala m'sitimamo muganizirenso za hatchi yanu ija. Mwana amene anakulizani uja sakanabadwa pakanapanda munthu wina amene anaona mwendo wovulala wa Tsimphina koma osamuchotsa m'khola, n'kumamudyetsabe tsiku ndi tsiku popanda chomutsimikizira. M'nyumba ya ku Rockingham ija, amene wakhala akuchita zimenezo ndi bambo yemwe mukumukayikirayo.

Aphungu