Galasi la m'Chipinda cha Tadala

Amayi, kodi mukudzukako bwanji kumeneko?

Ndine Nelesi wanu. Musadabwe kuona kalata, sindinayambe sukulu muukalamba uno ayi. Cholembera chili m'manja mwa Nachisale, mnzanga wa kumpingo uja amaimba mokweza kuposa tonse. Ine ndikungoyankhula, iwo akulemba. Ndawauza kuti asakonze kanthu, chonyansa achilembe chonyansa.

Kuno tilipo. Mvula chaka chino inachedwa koma inatha bwino, kumunda wa kuphiri kuja tinatuta ngolo ziwiri za chimanga. Mtedza wokha ndiwo unatikana, makoko okhaokha. Kwa mdzukulu wanu Yosefe ku Nachisaka kwabadwa mapasa, aakazi onse, mmodzi watenga mphuno yanu ndipo tamupepesa kale. Mtengo wa mango munadzala kuseri kwa khola uja unagwa ndi mphepo. Bambo a Esinati anakutsatirani, chino ndi chaka chachitatu. Ngati mumaonana apatseni moni, koma kalatayi muwerengere panokha, chifukwa mbali ina ikuwakhudza.

Nkhani imene ndakuitanirani ndi ya Tadala, mwana wa Esinati wanga, uja ankakuberani nthochi pamphasa inu muli chigonere. Munamusiya ali ndi zaka zinayi. Pano ali ndi khumi ndi ziwiri, ali sitandade sikisi, miyendo ngati bango. Bambo ake anapita ku Joni, ndipo kuli zii mpaka lero.

Ku Chisepo kuli bambo wina wogula fodya ndi soya, anthu amangomutchula kuti Sikelo. Imvi zili mbuu m'mbali mwa mutu, akazi awiri pakhomo, mwana wake woyamba anaphunzira kalasi imodzi ndi Esinati. Titakolola anabwera kudzagula soya, n'kupeza Tadala akulemba za kusukulu atatsamiritsa kope pamtondo. Anaima, kumuyang'ana, kumuyang'ana, ndiye akuti, "Mwana wanzeru chonchi alibe chipinda chakechake? Zisiyeni kwa ine zimenezi."

Sabata isanathe, amisiri ali pakhomo. Analowa chipinda cha kumbuyo m'nyumba ya Esinati, chomwe tinkasungiramo fodya. Pansi simenti. M'makoma penti wa pinki, mtundu wa chilonda chomwe changoyamba kupola, fungo lake nkhuku zinasamuka pakhonde. Kenako katani ya maluwa, bedi, matiresi ali m'pulasitiki mwake, ndi chidole cha tsitsi lachikasu, maso ali tong'o osaphethira. Amayi a m'mudzi muno anabwera kudzaona, nthungululu zili pakamwa, wina mpaka kuvula patapata pakhomo ngati akulowa m'tchalitchi. Ndisakubisireni, Amayi, nanenso ndinaomba m'manja. Sikelo anandipatsa paketi ya shuga, ndinalandira ndi manja awiri monga munandiphunzitsira.

Choyamba kundikhala pakhosi chinali chitseko. Chipinda chili nacho kale chitseko cha m'kati, iye n'kuboola khoma, kuika china chotulukira panja, cha kuseri, ndi loko wake. Akuti kuti mwana asamadzutse akuluakulu polawirira kusukulu. Chachiwiri bedi. Bedi loti munthu ungagone mopingasa mapazi osatulukira. Ndinati, "Iwe Esinati, kamwana kamodzi aka kazisambira pamenepa?" Iye akuti, "Amayi, inu zamakono simuzidziwa, mabedi a masiku ano ndi otero." Ine ndakalambira pamphasa, ndingatsutse chiyani za mabedi?

Tsiku lina masana Tadala akundikoka dzanja. "Agogo, bwerani mudzaone galasi langa!" Ndinalowa. Galasi lalikulu ndithu, la felemu yonyezimira. Mwana uja anaima patsogolo pake, ndipo m'galasimo munangooneka nsonga za tsitsi. Anathamanga, kukatenga chitini, kukwerapo, ndiye nkhope kutulukira. Akuseka, akuti, "A Sikelo akuti ndisadandaule, ndikula ndilipeza." Ndinaimapo ine, inenso sindinaonekemo. Pambali pake msomali wina waukulu, wopachikapo jekete, msinkhu womwewo. Galasi limenelo Sikelo anakhoma yekha ndi manja ake, Amayi, akudziyang'ana nkhope yake. Munthu pokhoma galasi amayeza ndi maso a amene azidziyang'anirapo.

Ndinadziuza kuti ndi maganizo oipa a nkhalamba. Koma m'mawa mwake tikupita kumjigo ndi Esinati, tinamva njinga yamoto kutsogolo. Esinati ameneyu, yemwe amakangana ndi Sikelo pa sikelo mpaka kumutcha wakuba pamaso, ndinangoona wapatuka, walowa m'tchire, wagwada atafulatira msewu, chitenje wakokera kumutu. Naye bambo uja waimika njinga patali, wavula chipewa, akupereka moni atayang'ana kumapesi. Amayi, inu mukudziwa amene amathawana panjira chonchi. Ndi mkamwini ndi apongozi ake. Ndipo pa makiyi a njinga ija pankalendewera kakiyi komangidwa kansalu ka pinki, kofanana ndi ka chitseko cha kuseri chija, kamene Tadala amavala m'khosi.

Madzi sitinatunge. Ndinamubweza Esinati kunyumba, n'kumufunsa. Akuti, "Sakumutenga lero ayi, akuti adikira amalize sitandade eyiti. Ndi chitomero chabe." Ndinati, "Wodikira amasunga kiyi?" Anadzutsa mutu, akuti, "Nanga inuyo munakwatiwa ndi zaka zingati? Munafa?"

Apa ndiye ndafika pa inu, Amayi. Mukulikumbukira bulangete lofiira lija, la mizere yakuda m'mbali? Anabwera nalo bambo a Esinati ine ndisanayambe kusenza mtsuko wodzadza. Ndinkaliyesa mphatso. Inu munandigwira phewa, munati, "Landira ndi manja awiri, Nelesi, usatichititse manyazi." Ndinalandira. Zoona, sindinafe. Ana awiri oyamba ndiwo anafa, thupi langa linali lisanakhwime, munawaika nokha inu ndi azakhali. Mwamunayo ndinakhala naye mpaka kumutseka maso, ndinamuphikira, atadwala ndinamusambitsa, sanali woipitsitsa mwa amuna. Koma fungo la bulangete lija silinachoke m'mphuno mwanga, ndipo ndinalimvanso m'penti wa pinki uja. Sindikukuimbani mlandu. Inunso ena anakulandirirani khasu ndi mikanda, munandiuza nokha tikuswa mtedza. Ndikungofuna mudziwe, chifukwa muli moyo ndinalibe pakamwa.

Pa mwambo wathu katundu wa chitomero akabwerera kwa mwini, nkhani yathera pomwepo. Ndinamukhazika Tadala pansi, n'kumuuza zonse mosazungulira. Mwana ankayesa kuti ndi mphatso ya kukhoza mayeso. Atamva zonse anavula kakiyi m'khosi, kukaika pabedi, kutenga chidole, kuchigoneka chafufumimba pomwepo. Ndiye akuti, "Agogo, katani yokhayo singatsale?" Ndinati, "Ngakhale msomali, mwana wanga." Analira. Sanalirire bedi, analirira katani. Mtima unandipweteka, koma ndinaichotsa.

Tsiku la msika, dzuwa litangokwera, tinabwereka ngolo kwa amuna a Nachisale. Tinalipo amayi anayi. Tinakweza bedi, matiresi, katani, chidole, chitseko tinachizula ndi mafelemu ake omwe. Shuga ndinali nditamwako theka, ndinapakira theka lotsalalo. Esinati anadzitsekera m'nyumba. Galasi ndinalifungata ndekha pamiyendo njira yonse, likundionetsa mitambo.

Bambo uja tinamupeza pa sikelo pake, anthu ali mzere ndi matumba. Tinatsitsa zonse pamaso pawo. Akuti, "Aaa, agogo, mwatani kodi? Ine ndimangothandiza mwana wovutika." Nachisale, awa akulembawa, akuti, "Ovutika muli nawo pakhomo panu, bambo, dzulo ndaona wina kabudula ali mbee kumbuyo. Yambirani kumeneko." Anthu kuseka. Wina kumbuyo kwa mzere akukuwa, "Liyezeni pa sikelo bedilo, tione ngati ndi la munthu mmodzi!" Ine sindinaseke. Ndinagwada bwinobwino, mawondo akulira, n'kumupatsa galasi lija ndi manja awiri. Ndinati, "Galasi lanu ili. Munalikhoma pa msinkhu wanu, kwathu kulibe wofikapo." Analandira, nanga akanatani anthu akuona? Pobwerera ndinadzera kusukulu, ndinawauza aphunzitsi aakulu zonse, kuti maso asakhale anga okha.

Musaganize kuti kuno ndi chikondwerero. Esinati sakundiyankhula, ino ndi sabata yachitatu. Ndiwo sakunditumiziranso. Akuuza anthu kuti ndataya feteleza wa chaka chino ndi manja anga, ndipo n'zoona, bamboyo anali atalonjeza. Soya wathu tidzasenza pamutu kukagulitsa kwina. Ena kumjigo akuti nkhalamba yachita nsanje ndi bedi la mdzukulu. Asa! Anene. Esinati ndi mwana wanga, njala ndi imene yamugwaditsa m'tchire muja, ndikudziwa. Koma ndikamuona ndimaonabe chitenje chija chili kumutu, ndipo nsima imandikanika.

Pomwe panali chitseko tinatseka ndi zidina. Penti yekha ndiye sabwezeka. Ndiye ine ndi Tadala tinapita kudambo, kukakumba mtsiro ndi dothi loyera lija munkalikonda, n'kumata makoma onse. Ndinatulutsa nkhulungo yanu, ikadalipo, yasalala ngati dzira. Ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu anu, "M'makona, iwe, m'makona, mlendo amayang'ana m'makona." Mwana wajambula maluwa ndi makala ndi dothi lofiira kuzungulira zenera, akuti ndiyo katani yake. Ena akuoneka ngati mapazi a nkhuku koma sindinamuuze. Dothi pa penti siligwira bwino. Likauma limagamphuka, pinki uja n'kusuzumira ngati chilonda chatukusira. Ndikangomuona ndimakanya dothi lina, kumata. Ndamata kale katatu.

Ndinali ndi kachibenthu ka galasi kamene bambo a Esinati ankametera ndevu. Ndinamupatsa Tadala, ndinati aime chilili, akamate yekha pakhoma pomwe pali maso ake. Anakamata. Anadziyang'ana nthawi yaitali, popanda chitini. Ndiye akuti, "Nanga ndikatalika, agogo?" Ndinati tidzakagamphula, n'kukakweza pang'ono, chaka ndi chaka.

Amayi, ndimakusowani, makamaka nthawi ino yokolola. Ndimakukondani monga kale, bulangete silinachotse zimenezo. Kulandira ndi manja awiri munandiphunzitsa ndinu, kubweza ndaphunzira ndekha, mano atatha m'kamwa. Malo anga kumeneko musafulumire kuyala. Bowo la msomali wa bambo uja ndalisiya dala osamata, lili pamwamba apo. Ndikukulonjezani kuti sindibwera mpaka kagalasi ka Tadala katafika pamenepo, atakakweza yekha.

Ndine mwana wanu,
Nelesi