Nsalu Zotembenuza pa Maliro a Amayi

Guilleme,
Mchinji.
18 Ogasiti 2025

Okondedwa achimwene Cyprian,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino ku Joniko. Ife kuno tilipo, kungoti mawu a amayi sakumvekanso m'nyumba mwawo, ndipo m'mawa ndimadzipezabe ndikukagogoda kuti ndiwadzutse. Ndalemba papepala n'kupatsira a dalaivala a basi chifukwa mawu a pa foni masiku ano alibe mwini. Ngakhale anu aja munatumizira anzanu akale a mpira, oti chigayo cha a Eneya chisaone mwezi wa mawa, anandipeza ndili pa mjigo. Musanakwiye, werengani kaye mpaka kumapeto. Inu munamva theka la nkhani, ndipo theka limenelo n'loona.

Chiyambireni kampeni mudzi uno unagawikana pakati, a chipani cha Nyali uku, a chipani cha Mlatho uko. Ngakhale m'tchalitchi munthu ankayamba wayang'ana amene wakhala pa benchi asanagwade. A Eneya, poti ndi a Mlatho, anakhoma katoni pakhomo pa chigayo yolembedwa kuti wovala nsalu ya Nyali sagayitsa pamenepo. Amayi mukuwadziwa makani awo. Anapita dala atavala nsalu yawo ya Nyali yovinira, anabwezedwa anthu akuona, nasenza chimanga mpaka ku chigayo cha kumsika. Koma zoti ulendo umenewo ndi umene unawapha, ayi achimwene. BP yawo mukuidziwa, ndipo mankhwala ankamwa tsiku limene afuna.

Atamwalira, khomo lililonse linabweretsa chimanga monga mwa nthawi zonse, ndipo amuna anga, bambo a Princess, anakweza matumba pa ngolo. Chibadwire chathu chimanga cha pamaliro sichiima pa mzere, sichilipiridwanso. Magetsi anali atazima dera lonse, ndiye chigayo chotsala chinali cha a Eneya chokha, poti n'cha dizilo. Iwo anayang'ana ngoloyo, n'kunena kuti tikagayitse kwa a Nyali anzathu, basi n'kukhoma chitseko. Ngolo inabwerera yodzaza momwe inapitira. Abale a ku Kachebere anali atafika kale, a ku Chipata ali m'njira. Ndinaganiza za amayi, amene sanaphonyepo maliro a munthu m'mudzi muno, kuti lero olira awo agona ndi njala. Manyazi anaposa chisoni.

Dzuwa litapendeka ndinaona mzimayi akubwera ndi mtondo pamutu, munsi kumanja. Anali a Stelia, akazi a a Eneya. Kunena zoona ndinaimirira kuti ndiwathamangitse. Iwo anatula mtondowo pansi pa mtengo wa mango uja, n'kungofunsa kuti chimangacho chili kuti. M'pamene ndinaona nsalu yawo. Inali ya chipani, koma anaivala motembenuza. Mukudziwa kuti amayi ambiri kuno nsalu yatsopano imene ali nayo ndi yomwe anapatsidwa pamsonkhano, ndipo nsalu zimenezi utoto wake uli mbali imodzi yokha, kuseri n'kotuwa mbuu. M'mbuyo mwawo munkabwera ena, aliyense ndi mtondo, aliyense nsalu yotuwa. Anzawo a amayi ovina nawo ku Nyali ataona zimenezi analowa kuseri kwa nyumba mmodzimmodzi, n'kutuluka atatembenuza zawo. Palibe anawauza.

Achimwene, ine mitondo yochuluka chonchija sindinaionepo. Ina anachita kuthamangitsamo nkhuku zoikira, ina inali yong'aluka yomanga ndi waya. Atsikana amene sanagwirepo munsi chibadwire anaphunzira tsiku lomwelo, ndipo Princess wathu anathyola zikhadabo zake zogula zija osadandaula. Minsi itayamba kugwirizana, nthaka inkanjenjemera kumapazi kuno, ndipo akuti zinkamveka mpaka kumishoni. A kwaya anasiya kuimba mwa iwo okha n'kumatsata kugunda kwa mitondo. Ine amene ndinalira m'mawa wonse ndinangoima pakhonde kukamwa kuli yasa. Ndinayesa kuwerenga kuti a Nyali ndi ati, a Mlatho ndi ati, ndinalephera. Anakonola, anapeta, anaviika, ndipo m'mawa mwake anasinja n'kuyanika. Bwalo lonse linayera ndi ufa pa mphasa ngati kwagwa matalala.

Tsiku loika maliro kunabwera a Lovemore, amene akuimira Nyali pa uphungu, ndi galimoto zitatu, matumba a ufa okhala ndi nkhope yawo, ndi nsalu yatsopano ya chipani yoti ifunditsidwe pa bokosi. Sanadikire kuti mwini mbumba awapatse mpata. Anaima pakati n'kuyamba kunena kuti malemu anali msilikali wawo, kuti aphedwa ndi nkhanza za a Eneya ndi chipani chawo, kuti magazi awo tikawabwezere pa tsiku lovota. Anyamata ena anayamba kung'ung'udza movomereza. Kenaka anaitana amayi a Nyali kuti aimirire adzalandire nsaluyo. Palibe anaimirira. Anayang'ana uku ndi uku, nsalu zonse zotuwa, osadziwa kuti awo ndi ati. Pofuna kubisa manyazi analoza mzimayi amene anakhala pafupi ndi bokosi.

"Mayi inu ndikukudziwani, mumavina kutsogolo pa misonkhano yathu. Bwerani mulandire."

Anali a Stelia. Anaimirira pang'onopang'ono, anagwada mwaulemu, koma manja sanatambasule kuti alandire. Anangowatsegula kuti awaone. Anali matuza okhaokha, ena ataphulika.

"Bwana, ine ndine mkazi wa a Eneya amene mukuwatchulawo," anatero osakweza mawu. "Malemuwa ndawasambitsa ndine. Pathupi pawo sindinapezepo nyali, sindinapezepo mlatho. Ngati mwabwera kudzalira nafe, ufawo khuthulirani m'malichero, matumba mubwerere nawo. Nsaluyo mukapatse wamoyo, awa safunanso kuvina."

Anyamata a a Lovemore anasuntha ngati akufuna kuwagwira, koma amayi onse anaimirira nthawi imodzi, a Nyali ndi a Mlatho omwe, anyamata aja n'kubwerera m'mbuyo. Ndakhala ndikuona anthu akuluakuluwa akutigwaditsa chibadwire changa, koma tsiku limenelo ndinaona munthu wa suti akupinda nsalu yekha, akuvula chipewa, n'kukakhala pansi pafumbi pamodzi ndi madoda. Ufa unakhuthulidwa, matumba a nkhope aja anabwerera m'galimoto opanda kanthu. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita mantha, mantha ake ngati aja timamva pa Lachisanu Loyera tchalitchi chonse chikagwada. Amayi anaikidwa mwaulemu, ndipo palibe anabwerera kwawo ndi njala.

Musaganize kuti a Eneya asanduka mngelo. Kumanda sanafike, ndipo madzulo omwewo anawalongedzetsa katundu a Stelia n'kuwathamangitsa, ati anawachititsa manyazi. Pano a Stelia akugona m'nyumba ya amayi ndi ana awo awiri aang'ono. Katoni ija idakali pakhomo pa chigayo, kungoti palibe akupitako, ngakhale a Mlatho anzawo. Magetsi anayaka, ena akupita kumsika, ena angozolowera mtondo. Ndikadutsa ndimawaona a Eneya atakhala pa chigubu cha dizilo, akuyang'ana msewu.

Tsono pempho langa ndi ili. Aimbireni anzanu aja muwauze kuti asiye. Chigayo chimenecho ndi chimene chimalipirira sukulu ana a mzimayi amene anasambitsa mayi wanu inu muli kutali. Sindikukunenani, ndikudziwa kuti mapepala ndi amene anakutsekerezani, ndipo ndikudziwa kuti mkwiyo wanuwo ndi misozi imene simunaigwetsere pa manda. Koma moto ukangoyaka, nsalu zonse zija zitembenuzidwanso nkhope kunja, ndipo chimene amayi anatisiyira pa maliro awo chipsera limodzi ndi malatawo. Paja akuti maliro n'kulirana.

Akupatsani moni bambo a Princess, ndi Princess amene akuti mumutumizire zikhadabo zina. Amalume akuti manda tidzawaka inu mukadzabwera, sitiyamba popanda inu. A Stelia akuti pepani ndi zovutazi, akanakulemberani okha koma manja awo sanapole, sakutha kugwira cholembera.

Pali moni winanso umene ndazengereza nawo. Tsiku lometa a Eneya anabwera, anakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi khola. Anthu atabalalika anandiyandikira chipewa chili m'manja, n'kufunsa ngati mwana wamwamuna wa malemu angalandire moni wawo. Ndinawauza kuti ndilemba kalata, ndipo yankho lidzachokera kwa mwini wake.

Ndine mlongo wanu amene akudikira,
Consolata