Chinkhanira mu jombo ya mwana, lezala m'manja mwa apongozi

Aphungu,

Mtima wangokhala kumene pansi. Ndine wocheka matabwa, ndipo timakhala m'mbali mwa nkhalango kumene mvula sikata. Sabata yatha m'mawa, mwana wathu wamkazi wa zaka zinayi anangoponda mu jombo yake n'kukuwa. Nditaikutumula, munagwa chinkhanira.

Apongozi anga aakazi, amene timakhala nawo, anathamanga ndi lezala ndi kansalu. "Gwirani mwendowo ndimange, nditeme poizoni atuluke," anatero. Apo n'kuti mwana ali thukuta kamukamu, dovu likuchucha, kenako anasanza. Ndinawalanda lezala n'kuwakalipira kuti, "Mwanayu si mbuzi!" Ndinamubereka, ulendo wa kuchipatala.

Kumeneko anamubaya jakisoni wopha ululu, kumuika diripi, n'kumamuyeza mtima pafupipafupi. Namwino anati tinafika nthawi yabwino. Lero akuthamangitsa nkhuku pabwalo, akuuza aliyense kuti inamuluma "nkhanu yolusa".

Koma apongozi sakuyankha moni wanga. Ndikalowa, iwo amatuluka. Kodi ndinalakwa? Nanga zikadzachitikanso?

T.L.

A T.L.,

Pa za mwanayo simunalakwe ngakhale pang'ono, ndipo ndakondwa nanu. Kutema sikutulutsa poizoni, kumangowonjezera chilonda, ndipo kumanga mwendo kumauwononga. Munthu wamkulu kawirikawiri amangomva ululu woopsa n'kuchira. Mwana thupi n'laling'ono, poizoni amatha kusokoneza mtima ndi kapumidwe.

Zikadzachitikanso, tsukani polumidwapo ndi sopo, ikanipo nsalu yonyowa yozizira, nyamukani. Osadikira kuti asanze kaye. Kunyumbako, kutumulani nsapato m'mawa uliwonse, nkhuni ndi matabwa anuwo zichoke pakhoma, neti ya udzudzu ilowe pansi pa matiresi.

Koma za mbuzizo munaphonya, achimwene. Mayiwo anagwira lezala chifukwa nawonso mtima unali m'mwamba ndi mdzukulu wawo. Tenganani ndi akazi anu, mukhale pansi ndi apongoziwo. Mupepese pa mawuwo, osati pa ulendo wa kuchipatala. Akafewa, afotokozereni mwaulemu zimene munaona kumeneko, mwana akusewera pamaso pawo.

Musazengereze. Tsiku lina inu mudzakhala muli mkati mwa nkhalango, macheka akulira, ndipo amene adzamve kukuwa pakhomo ndi iwowo.

Phungu wanu