Chileyi Chomwe Chinatsitsa Bambo

Falzach, Tirol
12 Malichi 2023

Okondedwa achemwali anga a Kreszenz,

Ndikhulupirira kuti chiuno chikupola ndipo mwayamba kuponda pansi popanda ndodo. Musadziimbe mlandu kuti simunabwere pa maliro a bambo. Munthu wongochoka kumene m'manja mwa madokotala sangakwere ndege kuchoka ku Canada konseko, ndipo ine ndikuti mwina Mulungu anakubisani dala. Pa foni ndinakuuzani kuti zonse zinayenda bwino. Ndinatero chifukwa Gebhard anali ataima pambali panga. Lero ndili ndekha, ndiye ndikuuzeni mmene zinalili.

Bambo anatisiya Lolemba m'mawa m'nyumba yathu yakale ya kumtunda, atangomwa khofi. Sanavutike. Ndinawapeza pa benchi pafupi ndi ng'anjo, nsapato imodzi ili kuphazi, inayo ili m'manja. Ndinawatseka maso, n'kutsegula zenera monga tinachitira pa imfa ya mayi, kenako ndinatsika ku hotela kukauza mlongo wathu.

Mukuidziwa sabata ija ya Febuluwale, ana a sukulu ku Holland ndi ku Germany akatsekera. Chigwa chonse chinali piringupiringu, zipinda zonse zodzaza, mipando ya pa chingwe ikukwera phiri osapuma. Gebhard ndinamupeza m'chipinda chodyera akuseka ndi alendo. Ndinamukokera pakona.

"Gebhard, bambo apita."

Anakhala pansi, manja kumutu. Misozi inalengeza ndithu, sindimunamizira. Koma mawu oyamba kutuluka pakamwa pake anali akuti, "Sabata ino?"

"Ukufuna ndikawadzutse, adikire Epulo?"

Apo ndi pomwe anatulukira mlamu wathu Sieglinde, atanyamula mbale ya soseji. "Alamu, pepani kwambiri, koma tsitsani mawu. Anthu akudya."

Madzulo ake Gebhard anandiitana ku ofesi atakonza kale maganizo awiri, kuti ine ndingosankha. Oyamba anali akuti bambo akasungidwe ku nyumba ya chisoni ku tauni mpaka chipale chitasungunuka, alendo atapita. Achiwiri anali akuti atsitsidwe mbandakucha pa chigalimoto chosalaza chipale chija, bokosi litafunditsidwa lona. Achemwali, chigalimoto chimenecho ndi chomwe chimatsitsa mabotolo ndi zinyalala za ku bala ya pamwamba m'mawa uliwonse.

Ndinati, "Agogo anatsika pa chileyi cha udzu, dzuwa likuwala. Mayi chimodzimodzi. Bambo ananena pamaso pako kuti nawonso adzatsike choncho."

"Burgl, nthawi imeneyo panjirapo pankadya ng'ombe. Pano pamadutsa anthu olipira. Abwera kudzasangalala, osati kudzakumana ndi bokosi."

"Ndiye bambo ako awapepese?"

Anangoyang'ana pa kompyuta.

Kutacha ndinapita kwa a Romed, mnzawo wa bambo uja ankadula nawo mitengo. Akalamba, khutu limodzi linatseka, koma lilime likadali lakuthwa. Nditawafotokozera, analavulira m'chipale.

"Bambo ako Vinzenz anabadwira paphiri limeneli. Achokepo kusanache atafunditsidwa lona ngati nyama yakuba? Mwana wanga, kapukute chileyi. Okoka ndipeza ndine."

Anapita okha kwa bwana wa kampani ya zingwe. Sindikudziwa chimene anamuuza, koma mnyamatayo anavomera kuika anthu a mbendera pamene njira yathu imadula malo otsetserekera, kuti aimitse alendo pang'ono ife tidutse. Ndinkaganiza kuti nkhondo yatha.

Lachinayi kunacha kowala. Tinamangirira bokosi pa chileyi, a Romed ndi anzawo atatu kutsogolo atavala majekete awo akuda, ife pambuyo ndi abambo mfumu. M'nkhalango munali zii, kumangomveka chileyi chikukwekwesa ndi mapemphero athu. Pamenepo mtima wanga unakhala pansi. Ndinati bambo akupita monga anafunira.

Titatuluka m'mitengo, tinalandiridwa ndi nyimbo ya ku bala, ija yongobwereza mawu amodzi, ikugunda mpaka m'chifuwa. A mbendera anaimitsa anthu. Anaima khamu, kumtunda ndi kumunsi, zovala zawo zofiira ndi zachikasu, matabwa kumapazi. Kenako mmodzi anatulutsa foni. Wina anatulutsa. Posakhalitsa kunalibenso nkhope, kunali mafoni okhaokha atatiloza.

Wina anayamba kuwomba m'manja. Ena anatsatira, mpaka likhweru. Achemwali, ankaona ngati ndi sewero! Mayi wina wa magalasi aakulu anatsetsereka mpaka pafupi nane n'kundikoka mkono.

"Pepani mayi, zokongola bwanji! Zimachitika Lachinayi lililonse? Amuna anga aphonya, ali kuchimbudzi."

Ndinati, "Muli bambo anga umu."

Anaseka n'kundisisita paphewa. "Mumatha inu!"

Choipitsitsa chinali chisanafike. Inali sabata ya zovala zoseketsa, ndiye panali chimwamuna china chitavala ngati ng'ombe, nyanga kumutu, mabere a labala akulendewera pamimba, chikununkha mowa dzuwa lisanafike n'komwe pamutu. Chinazemba a mbendera, n'kudzatsamira pa bokosi, chigongono pa nkhata ya maluwa imene inu munatumiza, foni m'mwamba, lilime kunja. Chinagogoda pa chivundikiro n'kufuula kuti, "Muli bwanji m'katimo?"

A Romed anasiya chingwe. Anachigwira nyanga n'kuchikankha, chinagwa chagada, mabere m'mwamba, matabwa akupalasa mphepo. Anthu anaseka kwambiri n'kuwombanso m'manja. Ankayesa kuti nazonso ndi za m'seweromo. A Romed anaima, misozi ikutsikira m'ndevu, ndipo nawonso anawajambula.

Ndisaname, panali mtsikana mmodzi amene anazindikira. Anavula chipewa chake cholimba chija n'kuweramitsa mutu mpaka tinadutsa. Mmodzi yekha pa khamu lonselo. Sindidziwa dzina lake, koma ndimamupempherera.

Nanga mlongo wathu? Ndinacheuka kuti ndimuone. Ankayenda pambuyo pa bokosi la bambo ake akugwedezera mutu alendo a ku hotela kwake, uku ndi uku, kakumwetulira kali pakamwa, monga amachitira pa chakudya cha m'mawa. Kumanda analira kuposa tonsefe, mpaka Sieglinde anachita kumugwirira. Sindikuti ankanamizira. Chimene chikundinyansa n'chakuti zonse ziwiri zinali zoona, ndipo zimakhala mwa munthu mmodzi popanda kukangana.

Bola zikanathera pomwepo. Koma Loweruka lisanafike, kanema wa maliro athu anali paliponse pa intaneti, ataikidwa nyimbo yachisoni. Foni ya ku hotela sinapume. Anthu ankafunsa za mudzi umene umasungabe mwambo wa makolo. Sabata yotsatira ndinalowa m'chipinda chodyera n'kupeza chithunzi chachikulu pakhoma, pamwamba pa tebulo la buledi ndi tchizi: chileyi, bokosi, a Romed, ndi ine ndikulira kukamwa yasa. Chimwamuna cha ng'ombe chija anachifafaniza bwinobwino. Ndinagwira ntchito masiku angapo pansi pa nkhope yangayo, ndikuthira khofi anthu amene ankandiyang'ana, n'kuyang'ana khoma, n'kugwirana zigongono. Mwana wina anandipempha kuti ndilirenso kuti andijambule.

Ndiye Lamlungu lapitali, titatuluka m'tchalitchi, Gebhard ndi Sieglinde anakwera kunyumba yakale atanyamula keke ya maapozi. Nditangoona kekeyo ndinadziwa kuti pali nkhani.

Sieglinde ndiye anayamba. "Alamu, komiti ya zokopa alendo yaganiza zolemekeza apongozi. Chaka chamawa, Lachinayi lililonse madzulo, tizichita mwambo uja. Miuni, kwaya, vinyo wotentha pofika kumunsi."

"Mwambo uti?"

"Wa chileyi. Bokosi lidzakhala lopanda kanthu, musadandaule."

Ndinayang'ana Gebhard. "Ukafuna munthu woikamo, undiuze msanga ndikonzeke."

"Burgl, usayambe. Ukudziwa kuti chipale chikuchepa chaka ndi chaka. Makina opopera chipale aja akutidya amoyo. Midzi ina ili ndi mapiri aatali kuposa lathu, ife tili ndi chiyani? Mabanja angati m'chigwa muno amadya chifukwa cha alendo? Iwenso supu imene umamwa imachokera kuti? Bambo akanamvetsa."

"Bambo ankati mlendo ndi mame."

"Eya, ndiye timwe mamewo asanaume."

Anati chileyi chizikhala pakhomo pa hotela masana, alendo azijambulitsapo. Anati a Romed awalonjeza jekete latsopano akavomera kutsogolera. Kenako anadya keke yawo, nandipsompsona patsaya, n'kutsika.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikuzungulira, ndipo ndikupempha kuti muwerenge mutakhala pansi. Atangochoka ndinalowa m'khola, ndinatenga nkhwangwa ya bambo. Chileyi chija, chomwe agogo anasema ndi manja awo, chomwe inu ndi ine tinkakwera pamwamba pa udzu mayi akukalipa, ndinachiwaza. Mtengo wake unali wouma ngati fupa, sichinalimbe. Ndinatenthera m'ng'anjo chidutswa ndi chidutswa, ndipo nyumba inafunda mmene sinafundirepo chaka chino. Sindinalire. Ndinalira nditakumbukira inu, zimene munandiuza pa maliro a mayi titaima pakhonde, kuti ngakhale mutafera kutali bwanji tidzakubweretseni kuno mudzatsike pa chileyi chomwecho. Ndinalonjeza. Lonjezo limenelo ndalitentha osakufunsani. Gawo la chileyicho linali lanu. Mukakwiya, mukwiye ndithu, ndilandira.

Mwina mukuganiza kuti zinathandiza. Gebhard atabwera ndi anyamata kudzachitenga, ndinamuonetsa phulusa ndi misomali. Ndinkayembekeza kuti andimenya kapena alira, ndipo chilichonse mwa ziwirizi ndikanachilandira ndi manja awiri. Iye anangotulutsa foni n'kuimbira kalipentala wa kumunsi kwa chigwa. Ndinamumva ndi makutu anga: "Chofanana ndi cha pa chithunzi chija. Koma chioneke chakale. Muchiwaule pang'ono, muboole timabowo ta anankafumbwe." Dzulo ndamva kuti otsogolera apeza kale. A Romed anakana n'kuwathamangitsa ndi fosholo, ndiye atenga mphunzitsi wina wa zotsetsereka, akuti ayamba kusunga ndevu.

Ku hotela ndasiya. Makiyi ndinawaika pa tebulo la buledi, pansi pa chithunzi changa. Ndikukhala kuno kumtunda ndi mbuzi ziwiri za bambo. Masana nyimbo ya ku bala imafika mpaka m'khitchini, ndiye ndimatseka mazenera. Dzuwa layamba kutentha, chipale chikusungunuka m'mbali mwa njira, ndipo zayamba kuoneka zimene chinabisa: zitini, ndudu, magolovesi, ndi zina zoti sindingalembe kwa mkulu wanga. Musandidere nkhawa, nkhuni zilipo, ndipo a Romed amandibweretsera buledi akamakwera.

Ndili ndi pempho limodzi. Wina akakutumizirani kanema uja, musatsegule. Bambo muwakumbukire ali pa benchi ndi nsapato m'manja. Ndipo mukachira, bwerani mu Juni, mipando ya pa chingwe itaima, maluwa atatuluka m'dambo. Tidzapita limodzi kumanda popanda wotijambula.

Moni kwa alamu a Gordon, muwathokoze pokusamalirani. Moni kwa ana ndi zidzukulu, makamaka kamtsikana kaja munati kali ndi chibwano cha bambo. A Romed akupereka moni, akuti muchire msanga poti m'mudzi muno anthu oti n'kulankhula nawo atsala ochepa. Abambo mfumu akuti akukukumbukirani pa Misa. Gebhard sakudziwa kuti ndikulemba, koma akanadziwa akanapereka moni, ndipo ukanakhala wochokera pansi pa mtima. Ndi mlongo wathube, muzimuimbira, ine pakali pano sindingathe.

Za tsiku lanu lija, lisafulumire. Koma likadzafika ine ndikadalipo, ndidzakutsitsani ndithu, ngakhale pamsana.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Notburga (Burgl)