Pakamwa pa a Eneti Pandiphera Ulendo wa ku Nyanja

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo, kungoti mng'ono wanu a Eneti andilakwira. Ndafuna mumve kwa ine, chifukwa maliro kuno sakutha, ndipo aliyense wobwera kumeneko afika ndi nkhani yake yokhota.

Ndiyambe ndi zabwino. Akazi awo a achimwene anachira, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwe, koma kulira kwake sitikudziwa kumene anakutenga. Nandolo wabereka bwino ku Nkhulambe. Mpunga wa kudimba kwanu unamira theka, madzi anachuluka. Ndinayesa kuphika ndekha kalongonda, nyemba zija zoledzeretsa zikapanda kupsa, koma ndinapupuluma, moti nyumba yonse inagwidwa chizungulire mpaka achimwene anayamba kupereka moni kwa mtondo. Munkati kalongonda safuna mkazi wothamanga. Ndavomera.

Ntchito ija ndikadali nayo, yolera Tamanda kunyumba kwa adokotala aja a ku Rumphi ndi akazi awo achizungu. Anthu awiriwa ali ndi matenda amodzi, amakonda kumira m'nyanja. Si kusamba ayi. Amavala zovala za labala zakuda zothina, magalasi kumaso, botolo lachitsulo la mpweya kumsana, paipi pakamwa, kenako n'kutsikira pansi kukayang'ana nsomba. Sazigwira. Amangoziona, n'kubwerako manja lendee ali okondwa. Ine ndinafunsa kamodzi kuti ndiwo zili kuti, anandiseka.

Chaka chino mkangano unali wa kumene akapite patchuthi. Adona ankafuna ku gombe la Mozambiki, kumene pansi pa nyanja pali miyala yomera nthambi ngati maluwa, madzi oyera mbee, nsomba zofiira, zachikasu, zamizeremizere, ngati azimayi pa tsiku la chinkhoswe. Adokotala ankafuna dziko lina lakutali lotchedwa Indoneziya, kumene amakamira m'matope. Inde Amayi, m'matope. Munthu wophunzira, woti amang'amba anthu m'mimba n'kuwasokanso, akufuna kukwera ndege kuti akafwanthule mchenga wakuda wodzaza zinyalala, kufunafuna tizilombo tonyansa tobisalamo. Anandionetsa pafoni. Ina ndi nsomba yonga chule wotupa, yoyenda ndi manja. China ndi nkhono yopanda chigoba yodzipaka utoto. China cha miyendo yambirimbiri chinakhala m'botolo losweka ngati kwawo. Ndinawauza kuti ngati vuto ndi matope, ku Chilwa alipo mpaka m'chiuno, ndipo njinga ya kabaza iwafikitsa dzuwa lisanatenthe.

Ine nkhaniyi inandikhudza chifukwa ku Mozambiki amapita pagalimoto, ndiye ine ndi Tamanda tinali pa ulendo. Ku matope kuja ndi pandege, mwana amakamusiya kwa agogo ake ku Rumphi, ine n'kutsala ndi galu. Mukudziwa kuti inu munachoka musanaione nyanja yamchere, ngakhale munkati makolo athu anachokera mbali yomweyo. Ndiye ndinagwira ntchito mwakachetechete. Tiyi wa adona ndinkamuika pafupi ndi zithunzi za miyala yamaluwa ija. Tamanda ndinamuphunzitsa kunena kuti "nsomba zokongola" bambo ake akangolowa pakhomo. Amayi, tinali titapambana. Pasipoti ndinali nditatenga, zitenje nditachapa.

Ndiye kunabwera a Eneti, amvekere abwera kudzandiona. Tsiku limenelo ndinali nditatsuka zovala za labala zija n'kuziyanika kuseri kuti zisachite nkhungu. Iwo popita kukataya madzi anakumana nazo zili lendelende pachingwe, ziwiri, zakuda, mikono ndi miyendo zili tambalale ngati anthu osendedwa. Pansi pake mabotolo achitsulo ndi mapaipi. Sanandifunse kanthu. Thobwa anamusiya pakati, mpango anauiwala pampando, ndipo akuti anafika pa Kaduya asanayang'ane kumbuyo.

Munkanena kuti pakamwa pa mng'ono wanu palibe chitseko. Amayi, tsopano ngakhale felemu inachoka. Lisanafike Lamulungu, mudzi wonse unadziwa kuti Felesiya akugwira ntchito kwa anthu opopa magazi, kuti amachapa zikopa zawo, ndipo kuti akumutenga kupita naye pansi pa nyanja kukalowetsedwa za usatana. Wina anawonjezera kuti imfa yanu ndi imene ndinaperekera pasipoti. Chimenecho chokha sindinaseke. Kukwaya anandiuza kuti ndiyambe ndapuma. Mayi wogulitsa tomato ankandiponyera chenji pansi kuopa kundikhudza. Adona atamva anachita mantha, chifukwa nkhani zotere kuno mukudziwa kumene zimathera.

Akuluakulu a mpingo atandiitana, sindinapite ndekha. Ndinapempha adokotala kuti abwere ndi katundu yense pagalimoto, ndipo ndinauza achimwene atunge madzi odzaza mgolo. Pamaso pa abusa ndinavala chikopa chija, ine ndemwe, ndikutuluka thukuta ngati nkhumba ya m'thumba. Kenako ndinati amene akufuna kuona satana avale magalasi alowetse mutu mumgolomo.

Anayamba ndi a Namakhwa, mkulu wa mpingo uja ankasodza ku Chilwa. Anavula jekete, analuma paipi, mutu mumgolo, matako kumwamba. Tinadikira. Akazi awo anayamba kale kusisima. Atadzuka anangoti, "Abusa, muli mpweya wabwino kuposa wa m'tchalitchi muno." Basi mzere unayambika. Ngakhale abusa analowetsa mutu, kolala atapatsa mnzawo kuti awagwirire. A Eneti okha anakhala patali, atafunda chitenje kumutu, akuti mutu ukuwawawa.

Mlandu wanga unathera pomwepo. Tikanabalalika nthawi imeneyo, bwenzi pano ndikukulemberani ndili ndi mchenga kumapazi.

Koma adokotala, poona kuti apeza gulu, anatulutsa foni n'kuyamba kuonetsa zithunzi za malo awiri aja, amvekere akuluakulu atithandize kusankha. Azimayi onse anakonda za miyala yamaluwa. Ine mtima unakhala pansi. Koma azibambo, Amayi! Anthu oti moyo wawo wonse akhala akupalasa bwato m'madzi a phala. A Namakhwa anayang'ana nsomba zamitundumitundu zija n'kupukusa mutu: "Izi ndi za pakalenda. Nsomba yodzikongoletsa chonchi ndi minga yokhayokha." Ataona chule wotupa uja nkhope inawala, akuti uyu ndi msuweni wake wa mlamba, ndipo chilichonse chanzeru chimakhala m'matope. Mkulu wina anati madzi oonekera mpaka pansi ndi madzi osauka. Abusa, m'malo moti akhale pakati, anakumbutsa mpingo kuti munthu woyamba anaumbidwa ndi dothi, osati ndi maluwa. Ine ndili chiimire m'chikopa changa, ndikuwatsinzinira diso, ndikutsokomola, ndikuponda phazi la achimwene kuti alankhulepo. Achimwene anakweza dzanja n'kunena kuti nawonso akonda chuleyo.

Adona, amene anabwera nafe, anaseka mpaka misozi. Pobwerera m'galimoto anati sanaonepo amuna awo akusangalala chonchi, ndiye chaka chino apite ku matope, Mozambiki adzaona mtsogolo. Anandigwira paphewa n'kunena kuti ndikapumeko, ndavutika. Ndinayankha kuti zikomo, chifukwa munandilera bwino.

Ananyamuka sabata yatha. Ine ndili pano ndi galu, ndipo naye sakundiyang'ana m'maso.

A Eneti sanapepese. Anangotumiza mwana ndi mbale ya chinangwa chophika, ndi uthenga woti mpango wawo uja ndiwabwezere. Chinangwa ndinadya, chinalibe mlandu. Mpango ndinayalira galu. Azakhali a kwa bambo akuti ndikhululuke poti ndi magazi amodzi. Ndawauza kuti mawu akuti magazi asawatchulenso pamaso panga chaka chino. Kukwaya ndinabwerera, ndipo ndinasankha kuima kumbuyo kwenikweni kwa a Eneti. Mawu oimbira munandisiyira aja ndikuwagwiritsa ntchito onse, khutu lawo lakumanzere likudziwa.

Ndikudziwa chimene mukananena. Mukanati m'madzi mulibe nthambi yogwira, mwina Mulungu wandipulumutsa. Koma ine sindinkafuna kumira, Amayi. Ndinkangofuna kuima m'mphepete, ndinyambite chala, ndidziwe ngati ndi zoona kuti madzi ochuluka chotero onse ndi amchere, kenako ndidzakuuzeni. Munkandifunsa chilichonse ndikabwera kusukulu, ngati kuti mayeso mukalemba ndinu. Ichi ndinkafuna ndikuyankheni ndisanafunsidwe.

Za a Eneti ndathera pano, sindidzazitchulanso, ngakhale kwa inu. Akadzafika kumeneko mudzawafunse nokha, koma musafulumire kuwapatsa mpando.

Kumanda ndibwera mvula isanayambe, ndidzalambule ndi kudzala maluwa ena, aja mbuzi zinadya. Ndipo nyanjayo ndidzaiona ndithu, kaya pa kabaza, kaya wapansi. Tsiku limenelo mudzakhala oyamba kumva.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya