Bango Lotsala Pakachilumba

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumene muliko? Kuno ku Kambuzuma tikupuma ndithu, koma ndikati tili bwino ndiye kuti ndakunamizani.

Nkhani yokoma ndi imodzi: mng'ono wanga Esinati anabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Zinazo ndi minga yokhayokha. Fakitale ya ku Southerton inatseka, bambo a ana angokhala. M'mashopu mwatsala mashelefu okhaokha. Chimanga chathu cha kudambo chinauma chisanamasule, ndipo kolera yalowa mumsewu mwathu.

Zikutidyetsa ndi mphasa zomwe munandiphunzitsa kusoka. Koma bango latha, Amayi! Magetsi kulibe, anthu akuphikira lomwelo. Latsala la pakachilumba kaja ka pakati pa mtsinje, pokhala kambalame kanu kofiirira, koimba ngati madzi olowa m'botolo. Munkati nkosowa, munkakamva kwanu kokha ku Chisi muli mtsikana, ndipo kanakutsatirani kuti musasungulumwe m'dziko la eni. Lamulo lanu sindinaliiwale: bango la chisa sadula mpaka ana atauluka.

Mwezi watha kunabwera anthu oona za mbalame, magalasi oonera patali ali m'khosi. Akuti mtundu wa kambalameka ukutha, tisakhudze chilumbacho. Ine pakamwa panga mumapadziwa, ndinawafunsa ngati ana anga adye nyimbo. Anangoyang'anana, nkukwera galimoto yawo.

Dzulo ndinawoloka, madzi m'chiuno, chikwakwa m'manja. Chisa ndinachipeza. Muli tiana topanda nthenga, kukamwa yasa! Make anatera pabango pafupi ndi mutu wanga, akulira osalekeza. Ndinabwerera chimanjamanja. Kunyumba ndinapeza Tadala, chitsiriza wanga, akunyambita mbale youma, osalira nkomwe. Kusalirako ndi kumene kwandithyola mtima. Ndatopa, Amayi, ndipo ndili ndi mantha. Mukanakhalapo mukanatani inu?

Mawa ndibwererako kuchilumbako, sindikubisirani. Ndikapanda kudula ine adula ena, ndipo iwo chisa sachiyang'ana. Chomwe ndingakulonjezeni nchokhachi: ndiyambira kumapeto, kutali ndi chisacho, ndizidula bango la mphasa imodzi basi, yokwanira ufa wa tsikulo. Inu kumeneko tipempherereni, nthenga zimere msanga chikwakwa changa chisanafike.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani koopsa.

Ndine mwana wanu,
Agnesi