Andilanda laisensi ku Matero

Lachisanu, ku Matero, mu Lusaka

Lero mutu wanga wazungulira. Ndayendetsa bwinobwino kuchokera ku Lilongwe, n'kudzagwidwa nditatsala pang'ono kufika kwa achemwali.

Wapolisi wamkazi anandiimitsa pafupi ndi msika. Ndinamuonetsa matrayango anga, aja timaika pamsewu galimoto ikawonongeka. Anawagogoda ndi chala.

"Ba tate, ivi ni vapulasitiki. Kuno tifuna vansimbi." Ankatanthauza achitsulo.

"Komatu pa boda anawaona, mayi, sananene kanthu."

"Kuja ni ku boda. Kuno ni ku Lusaka."

Anandilembera chindapusa n'kutenga laisensi, akuti ndikaitenge ndikalipira. Ku ofesi kwawo ndinapeza magetsi atazima, makina olipirira sakugwira ntchito. Akuti ndibwere Lolemba. Koma ukwati wa Chisomo, mwana wa achemwali, ndi mawa, ndipo wonyamula mkwatibwi ndine. Mmene zinthu zakwereramu, ndalama yobwerekera galimoto ina palibe.

Alamu akuti lamulo la chitsulolo lilipodi. Mnzawo woyendetsa minibasi akuseka, akuti sanalimvepo, ndipo kapepala ka chindapusaka n'kokwanira kuyendera. Alamu akuti ayi. Ndimvere ndani?

Chisomo wamanga kale maliboni pagalimoto. Sindinamuuze. Nanga mawa akatiimitsa iye ali m'diresi loyera...